Kope la Mayi Mphuno

Pa fakitale ya sopo ankawatchula kuti Mayi Mphuno. Kwa zaka makumi awiri ndi zinayi ankasakaniza sopo m'migolo itatu yachitsulo, osayang'ana wotchi. Ankangowerama, kununkhiza nthunzi, n'kunena kuti, "Zimitsani moto." Mwamuna analibe, ana analibe. Kunena mosakokomeza, ntchitoyo ndiyo inali moyo wawo wonse.

Mwini fakitale anali mlamu wawo, mwamuna wa malemu mng'ono wawo. Atafuna kuigulitsa kwa anthu ogula makampani, ogulawo anatumiza mayi wina wa magalasi kudzaona kuti ingagulidwe ndalama zingati. Anawerenga makina, magalimoto ndi makasitomala. Kenako anaima pa migolo paja.

"Kasakanizidwe kake munalemba pati, amayi?"

"Muno," anatero Mayi Mphuno akugogoda mutu wawo, antchito onse n'kufa nako kuseka.

Wa magalasi sanaseke. Anauza mwini fakitale kuti kampani yodalira mutu wa munthu mmodzi, wokalamba n'kale, mtengo wake umatsika.

Mawa lake mlamu uja anawaitanira mu ofesi, n'kuwapatsa mpando wofewa ndi kope latsopano.

"Alamu, inu ndinu mzati wa nyumba ino. Tilembereni zonse, dzina lanu lisafe."

"Mwadziwa lero kuti ndine mzati?" anatero akuseka, koma kopelo analandira ndi manja awiri.

Analemba masabata awiri patebulo la kukhitchini kwawo. Sanabise kanthu: mafuta akanunkha chiwisi muonjezere moto, kukazizira mutakase motalikirapo. Akalakwitsa ankang'amba tsamba n'kuyambiranso, poopa kuchititsa manyazi mlamu.

Mtengo wa kampani unakweradi. Koma mu lipoti la wa magalasi munali mzere winanso, wonena kuti wosakaniza wamkulu safunikanso, ndipo malipiro ake akachoka phindu likwera.

Kalata yowachotsa ntchito anawapatsira pa geti, Lolemba m'mawa, ndipo amene anawapatsa anali mlonda. Ali chiimire pomwepo, galimoto ya mlamu inafika. Mlamuyo anatsitsa galasi pang'ono.

"Alamu, si ine ayi, ndi manambala. Paja musanapite, pa tsamba lachisanu inki inafufutika. Soda ndi zitini zingati?"

Mayi Mphuno anayang'ana utsi wa migolo yawo. Akanatha kunama, sopo n'kuwonongeka yense.

"Zitatu," anayankha. "Muzithira pang'onopang'ono."

Galasi linakwera, mlonda n'kutseka geti.