Tinyali Tiwiri

Bambo anga anandiphera mabatire atatu a droni, ndipo mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa. Anawapha ndi mtima wabwino, koma kupha n'kupha basi.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Likangala. Ine ndinkajambula zithunzi pa maukwati ndi pa tsiku limene ana a ku yunivesite amavala mikanjo. Droni, kandege kojambulira zithunzi m'mwamba, ndinkaiulutsa mwa apo ndi apo, mwina mwezi wathunthu ili m'chikwama. Lamulo la mabatire ake ndi limodzi, losavuta ngakhale pang'ono: sasungidwa odzaza. Batire lililonse lili ndi tinyali tinayi pamsana, ndipo ukamalisunga tiziyaka tiwiri. Ukalidzaza n'kulisiya masabata, makamaka kukamatentha, limatupa n'kufa. Umalidzaza pokhapokha ngati mawa ukuulutsa.

Bambo anabwera kudzakhala nane sitiroko itawaumitsa mwendo wamanzere. Moyo wawo wonse anagwira ntchito ya nkhalango pa phiri la Zomba, ndipo munthu wozolowera kulawirira sakhala manja lende. Anadzipatsa okha ntchito yolondera magetsi. Akangoyaka, iwo ankayamba kukuwa kuti "Abwera!" ana a m'mbali asanatsegule pakamwa. Kenako ndodo kwe kwe kwe m'nyumba monse, kusomeka mafoni, tochi, wailesi, chilichonse chokhala ndi chingwe. Tonse a m'tauni muno kuzimazima kwa magetsi kunatiphunzitsa dyera limeneli, koma bambo anali atalisandutsa chipembedzo.

Tsiku loyamba kuwapeza atasomeka mabatire anga ndinawauza mwaulemu.

"Ababa, awa musamawakhudze. Amafuna theka."

"Theka?" Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Iwe, unamuonapo munthu akuchokera ku mjigo ndi ndowa ya theka? Chakudza sichiimba ng'oma. Akakuitana mwadzidzidzi, kandege kako udzakaulutsa ndi malovu?"

Ndinafotokoza mpaka kukamwa kuuma. Choipitsitsa n'chakuti mabatirewa akakhala masiku angapo odzaza amayamba kudzitsitsa okha moto kuti adziteteze. Bambo akaona tinyali tachepa ankati akudontha, n'kuwadzazanso. Batire likufuna kudzipulumutsa, iwo akulikakamiza kudya ngati mlendo wokhuta kale.

Ndinayamba kubisa. Ndinaika m'sutikesi, anapeza. Ndinaika pamwamba pa kabati, anakokera pansi ndi ndodo. Munthu woti popita kubafa ankafunika kumugwira mkono, koma pa mabatire ankachira! Amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. A bambo anga akagonera ankatupitsa zinthu.

M'nyengo yotentha ndinapita ku Blantyre kukagwira ntchito masabata awiri, droni n'kuisiya. Nditabwerako ndinawapeza ali khuma pakhonde. Mnzawo wina wakale wa ku nkhalango anali atadzawauza kuti mapaini a kuseri kwa phiri ayamba kudulidwa sabata yamawa. Mitengo imeneyo ndi imene bambo anabzala ali ndi mphamvu zawo, atakoka chingwe okha kuti mizere iwongoke. Kuyambira ndili mwana ankadzitama nayo. Ankati mizere yawo amaidziwa ndi makhwangwala okha, chifukwa munthu wapansi amangoona makungwa.

"Kandege kako kangafike?" anandifunsa, maso ali kwina.

Chidwalireni anali asanandipemphepo kanthu, ngakhale madzi akumwa ankachita kudikira kuti ndiwaganizire. Ndinawauza kuti kafika, ndipo mizere yawo aiona ndi maso awo.

Ndinathamangira kuchipinda. Mabatire onse atatu anali pazenera, padzuwa, tinyali tonse tinayi ngwee. Anali atatupa ngati zitumbuwa. Awiri anakaniratu kulowa m'droni. Lachitatu linalowa nditachita kukankha ndi chala chachikulu. Mabatire otere mu msika wa Zomba mulibe, ngakhale ku Blantyre ndinaimba paliponse osawapeza. Oitanitsa kunja amatenga masabata, ndipo macheka sadikira munthu.

Tinapitabe Loweruka m'mawa, pa galimoto ya aneba athu. Tinakwera phiri, kudutsa ogulitsa masitiroberi, mpaka pamene msewu wafumbi unathera pa chigwembe. Mapainiwo anali tsidya lina. Bambo ndinawakhazika pampando wakutsogolo, chitseko chotsegula, chipewa chawo cha kutchalitchi chili kumutu, ine nditaima pafupi kuti aziona pa foni. Droni inanyamuka bwinobwino. Itangoloza ku chigwembe inayamba kulira, moto wa batire pa foni n'kugwa kuchoka podzaza kufika pofiira ndikuona. Inatembenuka yokha n'kudzatera pamapazi anga. Zimene bambo anaona ndi denga la galimoto, chipewa chawo, ndi kansonga kobiriwira ka mtengo pakona pa chithunzi.

Ndinakalipa. Pamaso pa aneba, pa phiri, ndinakalipira bambo anga ondibereka.

"Ndinakuuzani kangati? Theka! Theka, ababa! Chikanavuta n'chiyani kungondimvera kamodzi kokha?"

Anayang'ana droni pansi. Ndinaganiza kuti mwina lero ndi tsiku lomva mawu opepesa. Kenako anakonza chipewa.

"Ndiye kuti silinadzaze bwino," anatero.

Aneba anatembenukira kuthengo, mapewa akugwedezeka. Ine sindinaseke.

Mabatire atsopano anafika mvula yoyamba itagwa kale. Ndinagulanso loko, kiyi ndikumayenda naye m'khosi. Bambo anaumirira kuti tipitenso, ngakhale tonse tinkadziwa kuti malole a matabwa akhala akutsika tsiku ndi tsiku. Ndinakana, iwo osasiya, mpaka ndinatopa.

Ulendo uno droni inawoloka chigwembe osadandaula. Kuseri kwa phiri kunali mbee, zitsa zokhazokha, zoyera pa dothi lofiira. Ndinafuna kuibweza. Bambo anandigwira dzanja.

"Kwera pang'ono."

Ndinakweza. Zitsazo zinafola kuchokera kumunsi mpaka pamwamba, mzere ndi mzere, ngati mabatani a malaya. Bambo anasendeza nkhope pafupi ndi foni, chala chikutsata mzere umodzi mpaka kumapeto, kenako wina.

"Waona?" anatero. "Palibe wokhota."

Njira yonse yobwerera ankaimba nyimbo ya kwaya chapansipansi, akugogoda ndodo. Iwo anakhutira, ndipo anamwalira chaka chotsatira ali okhutira. Ine ayi. Ine ndinkafuna aone mitengo.