Nsomba zitafa ku Kabulonga

Ntchito yanga yoyamba anandipezera alamu anga. Nthawi imeneyo ndinkagona pabalaza pawo ku Kabwata, mkazi wanga ali ndi pakati. Anandipereka kwa Ba Saidi, Msilamu wochokera ku Malawi amene ankagulitsa miyala ya mumtsinje ku Emmasdale, yokongoletsera pabwalo pa nyumba. Lole ikatsitsa, ine ndinkasefa mchenga, kutsuka miyala ndi paipi ndi bulashi yawaya, n'kuilonga m'matumba potengera kukula kwake.

Tsiku lina mayi wina wa ku Kabulonga anatiitanitsa. Tinali titamuyalira miyala m'dziwe lake lasimenti, ndipo tsopano nsomba zake zofiira zinali zitayandama chagada, madzi ali achikasu.

"Wanchito wanu anasuka na sopo," anatero mayiyo, osandiyang'ana n'komwe. "Mumuchose, apo ayi nizauza anzanga bonse."

Sopo sindinagwiritsepo, koma akanandikhulupirira ndani? Ba Saidi anangoti, "Vuula miyala yonse, kenako tikambirana." Ndinadziwa kuti ntchito yatha. Ndinalowa m'madzi onunkhawo ndikuganiza za mwana wobadwira pabalaza pa eni. Mwala uliwonse ndinkaununkhiza, kuutembenuza, kuukanda ndi chikhadabo ngati wamisala, kufuna chilichonse chondipulumutsa. Ndipo ndinaona kuti miyala ina yotuwa yachita mizere ya dzimbiri, imene panalibe pamene ndinkaitsuka. Ndinagwada m'madzi momwemo, kuwapempha Ba Saidi kuti aione kaye.

Anakatenga nyundo m'galimoto n'kuswa umodzi. Munatuluka fungo ngati la machesi. M'kati munali timibulu tachikasu tonyezimira, tamakona ngati tinjerwa. Mtima unandidumpha, ndinayesa golide. Iwo anayang'ana ndi galasi lokulitsa, kenako anakhula kambulu kamodzi kuseri kwa kachidutswa ka tailosi kamene anatola pansi. Kanasiya mzere wakuda.

"Golide amasiya mzere wachikasu," anatero. "Iyi ndi pairaiti. Ikakhalitsa m'madzi imachita dzimbiri, madzi n'kuwawasa, nsomba n'kufa. Mlandu ndi wanga, ndinagula osaswako."

Mayi uja sanafune kumva, anatitsekera geti. Titabwerera ku Emmasdale, Ba Saidi anandipatsa nyundoyo n'kunena kuti, "Mawa ulawirire." Ndinakakhala kuseri kwa matumba n'kulira.

Mpaka lero, lole ikafika, ndimaswako miyala ya mtundu uliwonse isanalowe m'thumba, chifukwa kutsuka kumangoonetsa kunja. Anzanga amati ndikuwononga katundu. Ndimangowasiya anene.