Chotupa cha Amalume

Ndine ndinawaphunzitsa amalume kudutsitsa lamba wa galimoto kumsana kuti alamu isiye kulira. Munthu amene anapuma ntchito yamumgodi osathyoka ngakhale chala anandikhulupirira.

Tsiku lina tikuchokera kuchipatala kubwerera kunyumba ku Boitekong, ku Joni kuno, ndinathamangitsa galimoto kupyola malire. Takisi inaima mwadzidzidzi kutsogolo kwathu, ine n'kuponda buleki. Amalume anawomba chipumi pagalasi.

"Chotupa ichi mwachitenga kuti?" anafunsa akazi awo titafika.

Ndinayang'ana pansi ngati ndataya singano.

"Ndagunda chitseko cha kuchipatala," anayankha amalume.

Ine m'malo moulula, ndinawonjezera kuti zitseko za ku Joni n'zachabechabe.

Mpaka lero, tikamanyamuka kupita kuchipatala, mayiwo amandigwira dzanja. "Mwanangu, uwayang'anire pachitseko paja."