Mmene ndinafukulira inkosi ndi pakamwa

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinatsala pang'ono kumangitsa adada.

Inkosi yathu, mfumu ya Chingoni, agogo awo a agogo anga, inagona kalekale kufupi ndi Luwawa, ndipo mitengo ya paini inali itazinga manda ake. Adada ankafuna mafupa abwere kwathu ku Embangweni. Ankhazi, alongo awo a adada, anakana mpaka kukatenga chiletso kukhoti ku Mzimba: wokhudza manda, ndende.

Ine kusukulu pakamwa panayabwa. Ndinauza anzanga kuti tafukula kale. "Tawapeza atakhala tsonga m'chikopa cha ng'ombe. Atandiona, anayetsemula!"

Zoyetsemulazo anthu anazitaya panjira. Koma zokhala tsonga m'chikopa anazikhulupirira, poti ndi mmene Angoni ankaikira inkosi, nanga mwana angazidziwe bwanji asanaone? Chikhalirecho ndinangomva adada akucheza. Ankhazi atakadandaula kukhoti, Lachitatu wapolisi anafika panjinga ndi samani ya adada. Adada, munthu wosaopa ngakhale nkhunzi, anawerenga pepalalo n'kukhala pansi.

M'mawa mwake ndinapita ndekha kwa ankhazi. Ndimakonda kunena kuti ndinawoloka mitsinje isanu ya ng'ona, koma linali dambo limodzi. Ndinawapeza akusenda chinangwa.

"Ankhazi, adada sanafukule. Ndafukula ndine, ndi pakamwa."

"Bwereza zonse mmene unanenera."

Ndinabwereza, ndi kuyetsemula komwe. Anaseka mpaka mpeni kugwa, kenako anandipotokola khutu, moti mpaka lero limamva wailesi za ku Zambia.

"Iwe ndiwe mutesi chomene," anatero, kutanthauza wabodza. "Koma wabwera wekha. Mbwenu pakamwa apa tipapatse ntchito."

Anakachotsa dandaulo lawo. Mlandu wa mafupa unakokabe zaka ziwiri, mpaka anagwirizana kunja kwa khoti: inkosi isamuke, koma malo asankhe ankhazi, ndipo zithokozo, mawu otamanda inkosi, anene wabodza uja.

Tsiku losamutsa mafupa ndinaima patsogolo pa ovina gule wa ingoma, nthenga kumutu, fumbi m'kamwa. Ndinati inkosi inamwa mtsinje n'kuumitsa, inaponda phiri n'kukhala dambo. Amayi analuluta, adada anapukuta m'maso, ndipo palibe anaitana wapolisi.

Kukokomeza sindinasiye. Ndinangodziwa kuti pa inkosi yogona umawonjezera mmene ungathere, koma pa munthu wamoyo woti angagone m'ndende, umanena zimene waona basi.