Kompyuta yozima ikamva chilungamo

Kompyuta yanga inayamba khalidwe la andale sabata ino. Ndikangoyandikira chilungamo, inkazima.

Ndi bokosi lakale lija lokhala pansi pa tebulo, limene mwana wanga wa unesi anandisiyira atagula yake yonyamula m'manja. Ndemanga zonse mumawerengazi ndimalembera pamenepo, muno m'Bowie ku Amereka, ndipo sinandivutepo. Koma Lolemba m'mawa ndikulemba kalata ina, sikirini inangoti bii! Fani n'kulira, iyo n'kuyakanso yokha ngati palibe chachitika. Zonse ndinalembazo kulibe.

Lachiwiri inatero kawiri.

Ndinalakwitsa kukanena izi ku mapemphero a Lachitatu. Inu mukudziwa kuti Mmalawi aliyense akangotsika ndege kuno amasanduka katswiri wa chilichonse. Wina anati ndi vayirasi. Wina anati ndiitaye. A Mbewe, mkulu wa mpingo wathu, anandikokera pambali.

"Achimwene, chinthu chozima chokha si nkhani ya waya imeneyo. Kumudzi munasiyana nawo bwanji abale anu?"

Tandiuzani, awerengi. Mfiti ivutike kupeza viza, iwoloke nyanja yonseyi, ipirire kuzizira kwa Maryland, kuti idzangozimitsa kompyuta ya dalaivala wopuma ntchito? Ndinaseka. Koma funso lawolo linandilasa, ndipo iwo sanadziwe.

Kunyumba ndinatsegula bokosilo. Fumbi linali m'menemo munthu akanadzalamo mbatata. Ndinapukuta, ndinauzira, n'kutseka. Inazimanso.

Lachinayi madzulo kunabwera Amai Tembo, a ku Zambia, amene timapemphera nawo. Amagwira za makompyuta ku banki ina yaikulu mu Washington. Anayeza ngati ikutentha, anazula timatabwa ta m'kati n'kutibwezera, anasintha waya wa magetsi. Anasewera nayo ola lathunthu. Kompyuta ili phee, ulemu ngati mwana pamaso pa alendo.

"Ba Gama, iyi mashini ili che bwino," anatero. "Manje niuzeni, mwenze kuchita chani pamene inazima?"

"Kulemba basi."

"Kulemba chani?"

"Zapachibale."

"Nkhalani apa. Chitani vamene munachita, nione."

Apa ndiyenera kukuuzani zimene ndinkalembazo, poti Amai Tembo anaziona kale ndipo chinsinsi chimene waona mayi wa kwaya chatha ntchito.

Ine sukulu ndinayamba mochedwa, ndevu zitayamba kale kumera. Ubwana wanga unathera kubusa ku Ntcheu. Nditafika Sitandade 2 ndinkayenda ndi pensulo kukhutu, ndipo mudzi wonse unkati Yohane ndi wophunzira. Mkulu wanga Lufeyo anali atapita ku Halale kukagwira ntchito, n'kusiya mkazi wake, Nachisale, pakhomo pathu. Tsiku lina kunabwera kalata. Mlamu wangayo anabwera nayo kwa ine, amayi ndi azakhali atakhala pamphasa kudikira.

Zilembo zake zinali zolumikizana zija. Ife tinali tisanafike pamenepo. Ndinayang'ana pepala lonse, thukuta kamukamu, n'kutolapo mawu atatu okha: mkazi, wina, tenga. Kunena kuti sindingathe? Ine, wa pensulo kukhutu?

Ndinakhosomola n'kuti, "Akuti atenga mkazi wina."

Nachisale anandiponyera kalatayo kumaso, namanga katundu wake, ulendo wa kwawo ku Dedza. Anakwatiwa kumeneko. Lufeyo atamva kuti mkazi wachoka sanabwererenso. Anakhala mtchona mpaka imfa.

Patapita zaka ziwiri, nditadziwa zolumikizana zija, ndinaitulutsa kalatayo pomwe ndinaibisa. Inati: "Ndituma munthu wina adzatenge mkazi wanga, nyumba ndapeza." Munthu wotumidwayo sanafike, kaya anathera kuti. Ine ndinapinda pepalalo, n'kutseka pakamwa zaka zoposa makumi asanu. Mwezi watha ndinamva kuti Nachisale akudwaladwala. Mnzathu wina akupita kumudzi Loweruka lino, ndiye ndinati anditengere kalata, alamuwo asanamwalire osadziwa.

Choncho ndinakhala pampando, Amai Tembo ali chilili kumbuyo kwanga. Moni ndinalemba bwinobwino. Za mvula, za nyamakazi yanga, za adzukulu oyankha m'Chingerezi ukawafunsa m'Chichewa. Kenako ndinalemba kuti, "Alamu, tsiku lija la kalata ndina..."

Bii!

"Mwaona?" ndinakuwa. "Si ndimanena ine?"

Amai Tembo anali atagwira m'mimba ndi kuseka.

"Ba Gama, onani mwendo wanu!"

Ndinayang'ana pansi pa tebulo. Mwendo wanga wamanja unali kunjenjemera ngati wa telala pa makina, ndipo chala chachikulu, chotuluka pa patapata, chinali pa kabatani kakang'ono ka kutsogolo kwa bokosi, koyambitsiranso kompyuta.

Vayirasi ndinali ine.

Amai Tembo anaikweza kompyutayo patebulo, nandiphunzitsa kusunga zimene ndalemba, uku akupukuta misozi. Ine manyazi. Ndikanakonda akanapeza mfiti, chifukwa mfiti umaipempherera n'kupita kukagona.

Ndiye taonani mmene timakhalira kuno. Munthu sanaimbire mayi ake chaka chonse, akuti netiweki ya kumudzi ndi yovuta. Wina anasiya mkazi ndi ana ku Area 25, akuti mapepala sakutuluka, chonsecho fomu yake sanailembe n'komwe. Winanso maliro a mlongo wake sanapite, akuti abwana anakaniza, abwanawo sanapemphedwe. Timakonza chilichonse. Timasintha foni, timasintha mpingo, timasintha boma limene tikukhala. Koma funso lija la Amai Tembo, loti unkatani pamene chinazima, ndani amafuna kuliyankha? Sindikukunyozani ayi. Ine ndine tcheyamani wanu.

Kalata ndinaimaliza, mwendo ukuvina pawokha pansi popanda choponda. Amai Tembo akunyamula chikwama chawo anacheuka.

"Nanga ba mulamu banu baziba kuwerenga?"

"Ayi."

"So azabawerengera ni ndani?"

Ndinali pafupi kupereka nkhani yonseyi m'manja mwa wophunzira winanso wa pensulo kukhutu.

Lachisanu m'mawa ndinaimba pa foni ya mwana wamkazi wa alamu angawo. Mawu a Nachisale anamveka ochepa, koma lilime lidakali lomwe lija.

"Yohane? Wa ku Amereka? Ndimayesa unafa, anangoiwala kutiuza."

"Ndilipo, alamu. Ndili ndi nkhani."

Ndinawawerengera zonse zimene ndinalemba, osadumpha. Nditamaliza ndinayang'ana foni kuona ngati yaduka.

"Ndinkadziwa kuti wadumpha zambiri," anatero pomaliza. "Pepala lodzaza mbali zonse, iwe n'kunenapo mawu atatu? Ndinali wosaphunzira, sindinali chitsiru. Koma zoti anandiitana sindinadziwe."

"Mundikhululukire, alamu."

"Usandithamangitse. Zimenezo ndiganiza kaye. Kalata yakeyo unaitaya?"

"Ndili nayo pompano."

"Anati nyumba wapeza?"

"Anatero."

"Ya malata kapena ya udzu?"

"Zili m'munsimu, alamu."

Ndinamva akuuza mwana wawo kuti awadzutse, awatsamiritse kukhoma, ndiponso athamangitse nkhuku zikusokosa.

"Chabwino," anatero. "Sukulu yonse ija wapita nayo mpaka kwa azungu. Yambira pa moni, ndipo uwerenge pang'onopang'ono."