Atelala a Kumsasa

Kuseri kwa nyumba yathu kumakhala mayi ena osoka zovala, amene tonse timangowatchula kuti Atelala. Salankhula zambiri, koma akamasoka amang'ung'udza nyimbo za kutchalitchi, mapini ali kukamwa.

Chisefukireni madzi, makina awo ali kusukulu kumene kukugona anthu amene nyumba zawo zidakokoloka. Ife ena a mpingo timangogawa zovala zachithandizo momwe zabwerera, koma iwo salola zimenezo. Buluku lalitali amalipinda, diresi lokhwepa amalichepetsa. Tikadandaula kuti mzere sukuyenda, amati, "Munthu wataya nyumba, mukufuna ataye ndi ulemu womwe?"

Tsiku lina kudafika bambo ena achikulire, atavala malaya achizimayi amene adapatsidwa atangovuulidwa m'madzi. Mtembo wa akazi awo udali utapezeka m'matope, ndipo maliro adali masana omwewo. Atelala adafufuza m'mabelo mpaka adapeza jekete yakuda, koma idali yaikulu.

Bambowo adabwerera m'mbuyo. "Amayi, ndisakunamizeni. Ine sindipemphera. Ndidasiya kalekale."

"Kwezani mkono, bambo," adatero Atelala, tepi ili m'manja. "Ndikuyeza phewa, osati chikhulupiriro."

Makina adalira osapuma, ife tikugawa sopo cha apo. Jekete ija idawakwana ngati yawoyawo. Bambowo adamanga mabatani onse, kuwongola msana, kenako kupukuta maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Mayi a kunyumba sankafuna kundiona wosatchena pagulu," adatero, nkuyamba ulendo wa kumanda.