Pakati pa Pemphero la a Susipiyati

Munthu akafuna kukonzetsa njinga m'dera lija safunsa kuti wokonza njinga ali kuti. Amangoti, "Kwa a Susipiyati n'kuti?" ndipo ngakhale mlendo amene wafika dzulo akhoza kumulozera kuseri kwa msika, pa kashedi ka malata kopendekera kumanzere, pomwe matayala akutha amalendewera pa msomali. Dzina lawo la ubatizo lilipo, koma linatsala m'kamwa mwa akazi awo okha, ndipo limatuluka pokhapokha akalakwa.

Dzina la Susipiyatili analitola ku guwa. Ali mnyamata, Misa inkachitika m'Chilatini, wansembe atafulatira anthu, ndipo iwo anali mmodzi wa otumikira. Pa Misa imeneyo pali yankho lalitali limene wotumikira amanena yekha wansembe akatembenuka n'kupempha anthu kuti apemphere. Limayamba ndi mawu akuti Susipiyati, ndipo pakati pake ndi poterera ngati njira ya matope. Anyamata onse a nthawiyo ankadziwa powolokera. Umayamba mokweza, "Susipiyati Dominusi," kenako umaweramitsa mutu n'kumang'ung'udza ngati njuchi yatsekeredwa m'botolo, ndiye ukaona kuti wang'ung'udza mokwanira umadzuka ndi mphamvu, "ekeleziye suwe sankite!" Wansembe, amene makutu ake anali atapita kale pa penshoni, ankangovomera, Misa n'kupitirira.

Chilatini chinadzachoka m'tchalitchi, koma kwa a Susipiyati sichinachoke. Chinasamukira ku shedi. Makasitomala akakhala pa benchi kudikira kuti chigamba chiume pa chubu, wina ankati, "Madala, tatiponyereniko chija." Iwo ankapukuta gilisi m'manja, kukweza chibwano, n'kuyamba. Koma pa shedi munthu amakukhalira pafupi, sungang'ung'udze. Choncho dzenje la pakati lija anayamba kulikwirira ndi zimene maso awo ankaona: "Susipiyati Dominusi sipokorumu, pedulorumu eti tchenibusi, handulosi, bulekitatemu, ekeleziye suwe sankite!" Ankazinena mothamanga, mawu akutulukira m'mphuno. Kalipentala wa shedi yoyandikana anamvamo liwu lakuti tcheni tsiku lina, koma anangogwedeza mutu n'kuuza anthu kuti Chilatini ndiye mayi wa zinenero zonse, ngakhale opanga njinga anakaba mawu kumeneko.

Zinthu zinayenda choncho mpaka tsitsi la a Susipiyati linayera, parishi n'kulandira Bambo mfumu watsopano. Anali wansembe wachinyamata, wosekaseka, wokonda zakale ngati munthu amene akudandaula kuti anabadwa mochedwa. Lamulungu lina pa nthawi ya zolengeza, nthawi ija anthu amakhala akufufuza nsapato pansi pa benchi ndi zala za kuphazi, iye anati ali ndi nkhani yabwino. Ambuye Episkopi alola kuti pa tsiku la Yosefe Woyera, nkhoswe ya parishi, pakhale Misa ya Chilatini monga kale, ya lubani ndi mabelu.

"Ndipo mwayi wathu," anatero, "wotumikira sitikamubwereka kwina. Ndamva kuti katswiri tili naye pompano."

Mitu yonse inatembenuka. A Susipiyati anakweza dzanja pang'onopang'ono ngati munthu amene wapambana chisankho. Mantha analibe. Kung'ung'udza sikuiwalika, kuli ngati kupalasa njinga.

Mantha anabwera pa tsiku loyeserera. Atamaliza kukumbutsana pogwada, poimirira ndi ponyamula buku, Bambo mfumu anatulutsa m'thumba kanthu kakuda, kochepa ngati chiwala, n'kukapanikiza pa kolala ya a Susipiyati.

"Aka ndi kamaikolofoni, agogo. Kale anthu sankamva mayankho a wotumikira. Ine ndikufuna aliyense, mpaka wakhala kukhomo, amve liwu lililonse."

"Lililonse, Bambo?"

"Lililonse. Kamamva kwambiri aka, ngakhale m'mimba mukalira."

A Susipiyati anameza malovu, ndipo tchalitchi chonse chopanda anthucho chinayankha kuti gudyu.

Masana amenewo anaika tayala lakutsogolo kumbuyo kwa njinga ya mphunzitsi wina. Ankaona kale mmene zidzakhalire. Akang'ung'udza, zokuzira mawu zidzaulutsa njuchi mpaka ku msika. Akanena za pa shedi, Bambo mfumu amene anaphunzira Chilatini chenicheni adzamva tchenibusi ali pa guwa la Mulungu. Njira zonse ziwiri zinkathera pamodzi: dzina limene analinyamula moyo wonse lidzagwa, ndipo anthu a dera lija, amene sachedwa kubatiza munthu, adzawatcha a Pedulorumu mpaka kumanda.

Atafika kunyumba anapeza akazi awo akuchapa pa khonde. Anakhala pa mpando, navula chipewa, nachivalanso.

"Amayi, ine ndikuona ngati tsiku la Yosefe Woyera ndidzadwala."

"Mudzadwala chiyani, bambo, kuti mankhwala ndigulire lero?"

"Mwina chifuwa. Chija chotseka mawu."

Mayiwo anafinya malaya, nawakung'untha, nawaponya m'beseni. Ndiye osadzutsa mutu n'komwe, ndi mawu omwe amaitanira nkhuku, anayamba: "Susipiyati Dominusi sakirifisiyumu de manibusi tuwisi..." Anapitirira, nalowa pakati paja poterera, nayendamo ngati akuyenda pa simenti, mpaka anakatulukira ku sankite osapunthwa. Anatola siketi n'kuyamba kuipaka sopo.

A Susipiyati anakhala kukamwa kuli yasa.

"Mwachitenga kuti chimenechi?"

"Mchimwene wanga uja sanali wotumikira? Iye anali ndi mwayi woipa, wansembe wake anali ndi makutu. Ankachibwereza m'nyumba m'mawa ndi madzulo akulira, ine ndikusesa. Ndinachigwira iye asanachigwire."

"Ndiye zaka zonsezi, pa shedi paja, mumamva?"

"Ndimamva. Sipokorumu ndimaikonda kwambiri."

"Osandiuza bwanji?"

"Ndikuuzeni kuti chiyani? Mumaoneka bwino mukamanena. Chibwano m'mwamba, maso otseka. Kodi mukuganiza kuti ndinakuloleni chifukwa cha njinga?"

Kuyambira m'mawa mwake, shedi inasanduka sukulu. Mayiwo ankabweretsa tiyi makasitomala asanafike, n'kukhala pa benchi miyendo atatambasula, kumadula pempherolo m'zidutswa. Mwamuna wawo ankapopa tayala, liwu limodzi pa mpopo umodzi. Kalipentala akasuzumira, onse awiri ankasintha nkhani n'kuyamba kukangana za denga lodontha, nkhani imene sinkafuna kuyeserera.

Zidutswa zinalowa, koma chimodzi chinakana. Pakati penipeni pali kaliwu kakuti kwokwe. A Susipiyati akafika pamenepo lilime linkachita ngati tcheni chagwa.

"Utilitatemu kwakwa..."

"Kwokwe, bambo. Kwakwa ndi bakha."

"Kokwe."

"Simukukoka ngolo. Kwo-kwe."

"Kaliwu kameneka kakutanthauza chiyani kuti kazindizunza chonchi?"

"Mchimwene ankati ndi 'nso' basi. Kuti nsembeyi ipindulire ifenso."

"Nso yekhayo? Ndiye tingomusiya, Mulungu adzamva."

"Mukamusiya ndiye kuti mwatisiya ife tonse panja. Bwerezani."

Tsiku la Yosefe Woyera linacha bwino. Tchalitchi chinadzaza mpaka ena anaima m'mazenera, ndipo panabwera ngakhale aja amene amaonekera pa maukwati pokha. Agogo ena anatulutsa nsalu zakumutu zimene zinkanunkha sutikesi. A Susipiyati anatuluka m'chipinda chovaliramo atavala mkanjo wakuda ndi choyera pamwamba, manja atawapukuta mpaka gilisi anangotsala m'zikhadabo. Akazi awo anakhala kutsogolo, mbali ya amayi, atapinda manja ngati munthu amene alibe nazo kanthu.

Zoyamba zinayenda ngati njinga yothira mafuta. Anagwada, maondo nalira m'zokuzira mawu, ana naseka, amayi awo nawatsina. Anayankha mayankho afupiafupi molimba. Lubani anakwera mpaka kudenga, ndipo nkhalamba zina zinayamba kupukuta m'maso, zikunamizira utsi.

Kenako Bambo mfumu anatembenuka, natambasula manja, napempha kuti abale apemphere. A Susipiyati anakoka mpweya, ndipo aliyense anaumva.

"Susipiyati Dominusi sakirifisiyumu de manibusi tuwisi..."

Anayenda pang'onopang'ono, liwu ndi liwu, ngati munthu wowoloka pa mtengo. Kalipentala anakwinya nkhope, nanong'oneza woyandikana naye kuti lero madala akunena Chilatini cha pa chikondwerero, chosiyana ndi cha masiku wamba. A Susipiyati anadutsa laudemu, anadutsa goloriyamu, anafika pa utilitatemu, ndipo pamenepo tcheni chinagwa.

Kaliwu kaja kanathawa. M'mutu munangotsala bakha ndi ngolo. Kumbuyo kwa lilime bulekitatemu anali atayamba kale kudzikonza kuti atuluke, poti iye ndiye anazolowera malo amenewo. A Susipiyati analuma mlomo kuti amutsekere. Zokuzira mawu zinaulutsa kupuma kwawo, fuu, fuu, ngati pampu yotha chikopa. Bambo mfumu anadikira, maso ali pa guwa.

"Kwokwe!"

Liwulo linachokera mbali ya amayi, lopanda maikolofoni koma lomveka mpaka kukhomo, liwu limene linalera ana ndi kuthamangitsa agalu a eni. A Susipiyati analigwira m'malere ngati sipanala yoponyeredwa.

"Kwokwe nositiramu!" anatero, ndipo kamaikolofoni kanalira. Akazi awo, eni liwulo, sanasiye, anapitiriza nawo limodzi. Agogo awiri atatu amene anali ndi zidutswa zawo zakale m'mutu analowapo, aliyense pa liwiro lake, ndipo pofika pa "ekeleziye suwe sankite" theka la tchalitchi linali mkati, poti mathero amenewo aliyense wokonzetsa njinga ankawadziwa. Mapewa a Bambo mfumu anagwedezeka pang'ono. Ena akuti ankalira, ena akuti ankaseka. Amene anali pafupi akuti zonse ziwiri.

Misa itatha, panja panali chipwirikiti. A Susipiyati anagwidwa chanza mpaka dzanja linachita dzanzi. Koma khamu lalikulu linazungulira akazi awo.

"Amayi, mwatidabwitsa! Chilatini chonse chija?"

Mayiwo anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma kalipentala anawadula. "Mukudabwa chiyani inu? Munthu wakhala ndi katswiri m'nyumba zaka zonsezi. Madalawa si odzikonda ayi, aphunzitsa ngakhale akazi awo. Ndipo mwaona paja anaima dala kuti awapatse mpata? Chikondi chimenecho!"

Anthu anawaombera m'manja a Susipiyati. Iwo anayang'ana akazi awo, akazi awo anayang'ana iwo. Mayiwo anakonza nsalu yakumutu mosafulumira.

"Eya," anatero. "Ndi mphunzitsi woleza mtima. Wophunzira akhale wouma mutu chotani, satopa naye."

Bambo mfumu anafika akupukuta thukuta, nagwira manja a onse awiri pamodzi. Anati achinyamata angapo amupempha kuti aphunzire kutumikira Misa yotereyi, ndiye akufuna agogo aziwaphunzitsa Loweruka lililonse.

A Susipiyati anakweza chibwano, natsokomola pang'ono. "Palibe vuto, Bambo. Koma ndizibwera ndi amayiwa. Akadali ndi tina ndi tina tofunika kuwongola."

"Bwerani nawoni ndithu," anatero Bambo mfumu, akuyang'ana mayiwo ndi diso limodzi. "Ndipo mpando wabwino tidzauika kutsogolo, akhalepo wophunzirayo."

Anabwerera kunyumba pa njinga, mwamuna akupalasa, mkazi atakhala chammbali pa keliyala, akubayibitsa anthu ngati mkwatibwi. Atapitirira msika, pomwe panalibenso wowamva, mayiwo anawagogoda pamsana ndi chala.

"Aphunzitsi, mbale za m'mawa zija zikudikira inu."

A Susipiyati analiza belu kawiri, napalasa mwamphamvu.